Mafuta a walnut ndi abwino, koma musagulitse nshawa za mwana

Masabata apitawa ndinapita ku Mtendere kukaona mwana wa mlongo wanga amene anakwatiwa kumeneko. Ali ndi kamwana ka miyezi 14, ndipo kusikelo anamuuza kuti mzele wa pa khadi waleka kukwela. Titapatsana moni, iye anatsegula kabati natulutsa kabotolo kakang'ono ka galasi kamene anakabisa kuseli kwa mbale za alendo. "Amalume, onani cimene ndagula," anatelo. "Awa ndi mafuta a walnut. Pa foni akukamba kuti amakulitsa ubongo wa mwana, amatsitsa BP, ndiponso amameletsa tsitsi."

Ndinamufunsa kumene anapeza ndalama. Anandiuza kuti amai ake, amene amalima kufupi ndi Chinyunyu m'boma la Rufunsa, anatumiza thumba la nshawa pa basi kuti azisinjila mdzukulu wao. Iye anagulitsa theka la thumbalo kwa amai ena a pamsika, ndipo ndalama zake ndi zimene anagulila kabotolo kaja m'sitolo ina ya m'tauni.

Sindinamuseke, cifukwa anacita zimenezi mwa cikondi, ndipo mai aliyense amene mwana wake sakukwela sikelo amagwila ciliconse cimene wamva kuti cingathandize. Koma mtima unandiwawa, pakuti iye anasinthanitsa cakudya ceniceni ndi kabotolo kamene sikakanatha kucita zimene anamulonjeza. Conco lelo, owelenga athu, tiyeni tikambilane za mafuta amenewa mosabisa: ubwino umene ali nao, umene alibe, ndi cimene banja la m'komboni liyenela kucita ndi ndalama zocepa zimene limapeza. Maganizo anga ndi akuti mafuta a walnut ndi abwino ndithu, koma palibe cimene amapatsa banja lanu cimene simungacipeze mu nshawa, mu saladi wa soya ndi mu kapenta, pa mtengo wocepa kwambili.

WALNUT NDI CIANI?

Walnut ndi cipatso ca mtengo waukulu umene umakula bwino kumaiko kumene kumazizila kwambili miyezi ingapo pacaka. Maiko amene amalima yambili ndi monga China, America (makamaka dela la California), Iran, Turkey ndi Chile. Ili ndi cikhokhombe colimba, ndipo mukaswa mumapeza njele yokwinyika yooneka ngati kaubongo. Kuoneka kumeneku ndi kumene kunacititsa anthu akale a ku Ulaya kukhulupilila kuti walnut ndi mankhwala a mutu. Cikhulupililo cimeneci cayenda zaka mazanamazana, ndipo tsopano cafika m'mafoni athu.

M'minda ya ku Rufunsa, ku Chongwe kapena ku Petauke simungapezemo walnut. Botolo lililonse limene muona m'sitolo laoloka malile a dziko, ndipo mu mtengo wake mulinso ndalama za ulendo, za msonkho ndi za galasi lokongolalo. Ndiye cifukwa cake kabotolo kosakwana ndi kapu imodzi ndi theka kamadya ndalama zimene zikanagula cigubu ca saladi.

Tsono ubwino wake uli pati? Mafutawa ali ndi mtundu wina wa mafuta umene thupi silingathe kudzipangila lokha, wochedwa omega-3. M'magalamu 100 a mafuta a walnut muli magalamu pafupifupi 10 a omega-3 ameneyu. Alinso ndi mafuta ena opepuka amene amathandiza kutsitsa mafuta oipa a m'magazi ngati munthu awagwilitsila nchito m'malo mwa mafuta olimba a nyama. Izi ndi zoona, ndipo sinditsutsa.

Koma pali zina zimene ogulitsa sachula. Poyenga mafuta, zomanga thupi ndi gaga zimatsalila m'zotsalila za njele. M'botolomo muli mafuta okhaokha. Mwana amene sakukwela sikelo afunika zomanga thupi, ndipo m'kabotolo ka mwana wa mlongo wanga munalibe ngakhale pang'ono.

Cina, mafutawa sacedwa kuonongeka. Kutentha ndi kuwala kwa dzuwa kumawasasitsa, amayamba kununkha ngati penti ndi kuwawa pa lilime. Botolo likatsegulidwa liyenela kukhala pamalo ozizila ndi amdima, makamaka m'filiji. Nanga ndi mabanja angati ku Chawama, ku Kanyama kapena ku Navutika amene ali ndi filiji? Ndipo amene ali nayo akumbukila mmene zinalili mu 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba ndipo malaiti anali kuzima pafupifupi tsiku lonse. Komanso mafutawa sakonda moto waukulu. Azungu amawathila pa ndiwo zamasamba zosaphika kapena pa cakudya cimene caphikidwa kale. Mukawaika pa mbaula kuti mukazingile anyezi ndi matimati, amawawa ndipo ubwino umene munalipilila umaonongeka.

ZIMENE OFUFUZA ANAPEZA

Mwina wina anganene kuti, nanga si madokotala a kunja ndi amene anatsimikiza kuti walnut imateteza mtima? Tiyeni tione bwino cimene anapeza.

Ku Spain kunacitika kafukufuku wamkulu wochedwa PREDIMED, wa anthu acikulile opitilila 7,000 amene anali pangozi ya matenda a mtima. Zotulukapo zake zinafalitsidwa mu 2013, ndipo zinakonzedwa ndi kufalitsidwanso mu 2018. Gulu limodzi linali kupatsidwa magalamu 30 a njele zosiyanasiyana tsiku lililonse, theka lake walnut, ndipo m'gululo sitiloko ndi matenda a mtima zinacepelako. Koma onani: anthuwo anali kutafuna njele zathunthu, osati kumwa mafuta ake, ndipo anali kudyanso nyemba, nsomba, zipatso ndi ndiwo zamasamba zambili.

Ku America nakonso, bungwe la boma loyang'anila zakudya ndi mankhwala la FDA linalola ogulitsa walnut mu 2004 kulemba pa mapaketi kuti kudya magalamu pafupifupi 42 patsiku kungacepetse ngozi ya matenda a mtima. Koma linalamula kuti alembenso kuti umboniwo ndi wothandiza cabe, si wotsimikizika kothelatu. Apanso nkhani inali ya njele, osati ya mafuta a m'botolo.

Conco amene akukuuzani kuti supuni ya mafuta a walnut icilitsa BP kapena matenda a shuga akukunamizani. Ngati kucipatala anakupatsani mankhwala a BP, pitilizani kumwa. Munthu amene waleka mapilitsi cifukwa ca botolo la mafuta akuitana sitiloko. Ndipo kumbukilani kuti mafuta alionse, kaya ndi a walnut kaya ndi saladi, amanenepetsa mofanana. Supuni yaikulu imodzi ili ndi makalori pafupifupi 120.

ZIMENE ZILI KALE M'NYUMBA MWATHU

Tibwelele ku thumba lija la ku Rufunsa. Boma limeneli linapatulidwa ku Chongwe mu 2012, ndipo aliyense amene anakwelapo basi ya ku Chipata pa Great East Road analidutsa. Alimi a kumeneko, m'madela a mafumu a Bunda Bunda, a Mpanshya ndi a Shikabeta, amalima cimanga ndi nshawa, ndipo ambili ali ndi ana ndi adzukulu m'makomboni a Lusaka amene amawatumizila zokolola. Katundu ameneyu timamuona ngati wa kumudzi cabe, koma tamvani cimene cili m'kati mwake.

Pafupifupi theka la njele ya nshawa ndi mafuta, ndipo gawo limodzi mwa magawo anai ndi zomanga thupi. Mulinso vitamini E ndi mavitamini ena a gulu la B. Mafuta a mu nshawa ndi a mtundu wopepuka umene suvutitsa mtima. Kunena kwina, nshawa zimapatsa mwana mphamvu ndi zomanga thupi panthawi imodzi, cinthu cimene mafuta a walnut sangacite.

Umboni wake uli kukiliniki komweko. Mwana akaonda kwambili cifukwa ca njala, anamwino amamupatsa timapaketi ta ciponde ca mankhwala cochedwa Plumpy'Nut. Ciponde cimeneci cinapangidwa ku France mu 1996 ndi dokotala wa ana André Briend pamodzi ndi kampani ya Nutriset, ndipo capulumutsa ana ambilimbili mu Africa muno. Maziko ake ndi nshawa zosinja, zosakaniza ndi mkaka wa ufa, shuga, mafuta ndi mavitamini. Pamene akatswili anafuna cakudya coukitsa mwana amene watsala mafupa okhaokha, sanathamangile walnut. Anatenga nshawa.

Ndinene zoona pa cinthu cimodzi: mu nshawa mulibe omega-3 wokwanila, ndipo pamenepa walnut ipambana. Koma omega-3 tili naye kwina. Saladi wambili amene timagula m'Zambia muno ndi wa soya, ndipo m'magalamu 100 a mafuta a soya muli magalamu pafupifupi 7 a omega-3 wa mtundu womwe uja wa mu walnut. Welengani pa cigubu kuti mudziwe ngati ndi wa soya. Kusiyana kwa 10 ndi 7 sikuyenela kukudyelani ndalama za lendi.

Kuonjezela apo, omega-3 wa m'zomela thupi liyenela kuyamba lamusandutsa kuti akhale mtundu umene ubongo ndi maso zimagwilitsila nchito, ndipo limangosandutsa gawo locepa. Mtundu wokonzeka kale umapezeka mu nsomba. Kapenta ka ku Siavonga kapena ka ku Mpulungu, ndi nsomba zouma zimene timagula pa Luangwa Bridge basi ikaima, ndizo zimene mai wapakati, mai woyamwitsa ndi mwana wamng'ono afunika. Ndipo popeza kapenta timadya ndi minga yomwe, kamalimbitsanso mafupa ndi mano.

Nkhaniyi si yaing'ono. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa mu 2018 anapeza kuti ana 35 mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu m'dziko lino anali opinimbila. Kupinimbila kumayamba mwana ali m'mimba mpaka atakwanitsa zaka ziwili, ndipo kukacitika n'kovuta kukubweza. Cimathetsa vutoli ndi mbale ya tsiku ndi tsiku.

Tsono inu azimai, ndi inu azibambo amene mumapeleka ndalama ya ndiwo, citani izi. Miyezi isanu ndi umodzi yoyamba mwana ayamwe bele lokha. Akapitilila pamenepo, pitilizani kuyamwitsa, koma phala lake lisakhale la madzimadzi. Likhale lolimbako, losagwa msanga pa supuni, ndipo muikemo supuni ya nsinjilo. Tsiku lina sinjani kapenta kouma kakhale ufa, musefe ndi kuthila m'phalamo. Nsinjilo zikasowa, kasupuni kakang'ono ka saladi kamaonjezela mphamvu. Cibwabwa, bondwe ndi kalembula muzitendela ndi nsinjilo, cifukwa vitamini A wa m'masamba amalowa bwino m'thupi pakakhala mafuta. Ambuye athu sanaphunzile zimenezi kusukulu, koma ndiwo zotendela anali kuphika bwino lomwe. Cenjezo ndi lakuti mwana wosakwana zaka zisanu musamupatse nshawa zathunthu, cifukwa zingamutsamwe. Ndipo ngati mwana atupa milomo, atuluka zidzolo kapena abanika atadya nshawa kapena walnut, thamangilani naye kucipatala nthawi yomweyo.

PA KHUNGU NDI M'TSITSI

Atsikana ambili amagula mafuta a walnut kuti azidzola. Kodi amagwila nchito? Inde, amafewetsa khungu ndi kuliteteza kuti lisaume, makamaka m'miyezi ya June ndi July pamene miyendo imacita mbuu ndi zidendene kung'ambika. Amawalitsanso tsitsi ndi kucepetsa kuthothoka kwa nsonga zake. Koma nchito imeneyi mafuta a zomela zambili amaigwila. Makolo athu anali kudzola mafuta a nsatsi ndi a msikidzi, ndipo anzathu a ku Western Province ali ndi mafuta a mungongo amene masiku ano amalowa m'zodzoladzola za kunja. Palibe umboni wakuti mafuta a walnut amameletsa tsitsi pa dazi kapena pamphumi pamene zingwe zomangitsa zinazula. Tsitsi la pamphumi limabwelela mukaleka kulikoka msanga.

Ngati pali mafuta amene anayesedwa bwino pa khungu, ndi a mpendadzuwa, amene alimi a kum'mawa kuno amalima ndi kuyengetsa pa zigayo za m'maboma. Pa cipatala cina ca ana ku Dhaka m'dziko la Bangladesh, ana obadwa masiku asanakwane anali kudzozedwa mafuta a mpendadzuwa, ndipo zotulukapo za mu 2005 zinaonetsa kuti anatenga matenda a m'cipatala mocepa poyelekeza ndi anzao amene sanadzozedwe. Mu 2022 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanena kuti ana otelewa angathe kudzozedwa mafuta a mpendadzuwa kapena a kokonati. Ngati muli ndi khanda lotelo, funsani anamwino akuonetseni kacitidwe kake.

Koma pa khungu la khanda pewani mafuta a nshawa ndi a walnut, makamaka ngati khungulo lili ndi zidzolo kapena zilonda. Kafukufuku wa ku England wa mu 2003 anapeza kuti ana amene anali kudzozedwa mafuta okhala ndi nshawa pa khungu lodwala anali pangozi yokulilapo yakuti thupi lao lidzayambe kudana ndi nshawa. Nshawa ndi za m'phala, osati zodzola khanda.

Dziwaninso kuti mafuta si mankhwala a zipele. Zipele za m'mutu mwa ana a sukulu zimafuna mankhwala a kucipatala, ndipo kuzipaka mafuta kumangocedwetsa. Mwana akapsa ndi phala kapena ndi mbaula, musapakepo saladi kapena mafuta ena alionse. Thilanipo madzi ozizila oyela kwa mphindi 20, phimbani ndi nsalu yoyela, ndipo pitani naye kukiliniki.

CENJELANI NDI CUKU

Ndikanakhala wabodza ndikanatamanda nshawa osachula mdani wake. Akulu anati cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyelele, ndipo mwambiwu ukhudza botolo la m'sitolo ndi thumba la kumudzi lomwe. Nshawa zikasungidwa ndi cinyontho zimacita cuku, ndipo cuku cimeneci cimatulutsa poizoni wochedwa aflatoxin. Poizoniyu amaononga ciwindi, amayambitsa khansa ya ciwindi makamaka kwa amene ali ndi matenda a hepatitis B, ndipo ofufuza amamugwilizanitsa ndi kupinimbila kwa ana. Ku Kenya mu 2004 anthu 125 anamwalila atadya cimanga cokhala ndi poizoniyu. Kuno kwathu, mu August 2024, nduna ya zaumoyo a Elijah Muchima analengeza kuti aflatoxin anapezeka mu unga wina, agalu pafupifupi 400 atafa.

Coopsa n'cakuti kukazinga kapena kuphika sikumupha poizoniyu. Citetezo cili m'manja mwanu. Thumba likafika, khuthulilani nshawa pa lichelo ndi kusankha. Zofota, zakuda, zosweka, zobooledwa ndi tizilombo ndi zowawa, tayani. Cizolowezi cathu coipa ndi cakuti nshawa zazikulu zokongola timagulitsa, zonyala n'kusinja za ana. Tisinthe, mwana ndiye adye zosankhidwa. Pogula nsinjilo zosinjasinja pamsika simungadziwe cimene cinalowa mu mtondo, conco ndi bwino kugula nshawa zathunthu ndi kusinja nokha pang'onopang'ono.

Uzaninso acibale a kumudzi kuti aziumitsa nshawa bwinobwino, osaziyanika pa dothi, ndiponso asamawaze madzi pa makoko pofuna kuti zisavute kusenda. Nshawa zimasungika bwino zili m'makoko, thumba litakwezedwa pa mitengo kapena pa njelwa, losakhudza cipupa.

Saladi nayenso afuna ulemu. Mafuta amene akazingidwa mobwelezabweleza mpaka kuda, monga a vitumbuwa ndi a machipisi, asalowe mu ndiwo za banja. Ndipo pogula saladi wopimitsa pa kantemba, pewani amene wakhala padzuwa tsiku lonse kapena amene wayamba kununkha.

MAU OTSILIZA

Kodi ndikunena kuti kugula mafuta a walnut ndi mlandu? Iyai. Amene ali ndi ndalama zokwanila, ana ake akhuta, ndipo akonda fungo lake pa cakudya, agule ndi kudya bwino. Cimene ndikukana ndi cakuti mai wa m'komboni azimva manyazi ndi nsinjilo, ngati kuti cakudya cimakhala ndi mphamvu pokhapokha cili ndi dzina lacilendo. Pambuyo pa cilala ca 2024, cimene mtsogoleli wa dziko a Hakainde Hichilema anacilengeza kukhala tsoka la dziko lonse mu February caka cimeneco, tonse tinaona mmene thumba limodzi la zokolola lilili lamtengo wapatali. Ambuye amene analima, kuzula, kuyanika ndi kunyamula thumba lija mpaka pamseu anatumiza cinthu copambana kabotolo.

Mwana wa mlongo wanga anandifunsa kuti, "Tsono amalume, kabotoloka nditaye?" Ndinati, "Iyai mwanawe, ndalama zinapita kale. Uzithila pang'ono pa ndiwo zako ukaziphula, kathe kasanasase. Koma theka la thumba limene latsala lisapite kumsika." Tinakhala pakhonde ndi lichelo, tinasankha nshawazo mpaka dzuwa kupendeka, ndipo m'mawa mwake mtondo unamveka.

Owelenga athu, safunsa anadya phula. Musanagule ciliconse cimene pa foni akuti cicilitsa zonse, pitani nayo nkhaniyo kwa anamwino a kusikelo, kaya ndi ku kiliniki ya m'komboni mwanu kaya ndi ku cipatala ca St Luke's ku Mpanshya. Ndipo mwana akapanda kukwela sikelo miyezi iwili yotsatana, musadikile mwezi wacitatu. Pitani naye akamupime, cifukwa nthawi zina vuto si cakudya cokha koma matenda amene abisala.